Mars: tifunse kaye ngati kuli eni ake

Mpweya wonse wa okosijeni umene munthu wapangapo ku Mars chiyambire ndi magalamu 122 basi. Unapangidwa ndi kamakina kotchedwa MOXIE, kamene kanakwera nawo chigalimoto cha Perseverance chomwe bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga la NASA linatsitsa kumeneko pa 18 February 2021. Kamakinako kankakoka mpweya wa ku Mars, womwe pafupifupi wonse ndi carbon dioxide, n'kuutenthetsa mpaka madigiri 800 kuti kathothole okosijeni. Kanayatsidwa maulendo 16 kufikira mu 2023, ndipo eni ake ananena okha kuti zonse zimene kanapanga zingangokwanira kagalu kupuma kwa maola 10.

Sindikunyoza ayi. Kupanga mpweya wopumika pa dziko lina, munthu uli phee pa mpando ku America, ndi luso lofunika kuliombera m'manja. Koma nambala imeneyi ndimaikumbukira nthawi zonse ndikamva anthu akukamba zosandutsa Mars kukhala mudzi wachiwiri wa anthu, wa mitsinje ndi mitengo, ana akusewera panja opanda zisoti. Makanema ake ndi mbwee pa YouTube ndi pa Facebook: mpira wofiira uja ukuyamba kubiriwira pang'onopang'ono, nyanja zikudzaza, mitambo ikukwera. Woimba ng'oma wamkulu wa gule ameneyu ndi Elon Musk, mwini wa kampani ya SpaceX. Mu 2015 anauza Stephen Colbert, woulutsa pulogalamu ya pa TV ku America, kuti njira yachidule yotenthetsera Mars ndi kuphulitsa mabomba a nyukiliya pamwamba pa madzi oundana amene ali kumpoto ndi kummwera kwa dzikolo. Anthu anaseka, iye sanaseke kwenikweni.

Ine ndimaona chonchi. Kusandutsa Mars kukhala malo okhalamo anthu sitingathe, kaya ife, kaya zidzukulu za zidzukulu zathu. Koma kuliipitsa dzikolo tingathe ndi ulendo umodzi wokha, ndipo chimene chingaonongeke pa ulendo umenewo ndi mwayi wodziwa ngati moyo unayambapo kwina kupatula kuno. Anthu ambiri amaika zinthu ziwirizi m'thumba limodzi, kukakhala ku Mars ndi kukafufuza zamoyo ku Mars, ngati kuti ndi ntchito imodzi. Chonsecho ziwirizi zimalimbana.

Mmene kulili ku Mars lero si nkhani ya mphekesera, chifukwa makina akhala akuyeza kwa zaka pafupifupi 50. Mpweya wake ndi wopyapyala zedi, kupanikiza kwake ndi pafupifupi 0.6 peresenti ya kwathu kuno. Munthu atavula chisoti, malovu m'kamwa ndi misozi m'maso zingayambe kubwata popanda moto, ndipo angakomoke m'masekondi owerengeka. Kuzizira kwake tikaphatikiza chaka chonse ndi madigiri pafupifupi 60 kunsi kwa ziro. Mphamvu yokokera zinthu pansi ndi 38 peresenti ya kuno, ndipo palibe amene anayesapo kukulira mwana m'malo otero. Dothi lake lili ndi mchere wina wotchedwa perchlorate umene umasokoneza chithokomiro cha munthu. Fumbi likalusa limakuta dziko lonse. La mu 2018 linatchinga dzuwa mpaka kupha chigalimoto cha Opportunity, chomwe chinali chitayendayenda kumeneko kuyambira 2004.

Olota za kusintha Mars nzeru yawo ndi yosavuta kumva, chifukwa ndi yomweyo imene ikutivutitsa kuno. Carbon dioxide amasunga kutentha. Ndiye amati tisungunule amene anaundana kumpoto ndi kummwera kwa dzikolo, mpweya ukhuthale, kutenthereko, kutenthako kusungunulenso wina, zizingopitirira zokha mpaka madzi ayambe kuyenda. Pa pepala zimakoma. Mu 2018 akatswiri awiri, Bruce Jakosky ndi Christopher Edwards, anakhala pansi n'kuwerengetsera carbon dioxide yense amene masetilaiti ndi makina ena anapeza ku Mars pa zaka 20. Anapeza kuti kusungunula woundana yense uja kungangowirikiza kawiri mpweya ulipowu, kufika pa 1.2 peresenti ya kwathu. Ngakhale mutakumba dziko lonselo n'kuwotcha dothi ndi miyala yake kuti mufinye wotsalayo, mungalekeze cha pa 7 peresenti. Mabomba aja ndiye angangowaza poizoni pachabe. Katundu wogwirira ntchitoyo kulibe.

Nanga mpweyawo unapita kuti, popeza zigwa zouma za mitsinje zikuonetsa kuti kale kunkayenda madzi? Unauluzika. Dziko lathu lili ndi mphamvu ya maginito yochokera mu chitsulo chosungunuka cha mkati mwake, ndipo mphamvuyo imatitchingira ku timagawo tamphamvu tochokera ku dzuwa. Mars anataya chishango chimenechi zaka pafupifupi 4 biliyoni zapitazo. Setilaiti ya MAVEN, imene inafika kumeneko mu 2014, inayeza mmene dzuwa likupalira mpweyawo mpaka lero, pafupifupi magalamu 100 pa sekondi iliyonse. Kutayikako ndi kwapang'onopang'ono, zoti munthu atadzaza mpweya watsopano ungathe zaka mamiliyoni usanathe. Vuto n'lakuti wodzazirawo autenga kuti.

Alipo ena amene sanataye mtima, ndipo si amisala. Mu 2024 gulu la akatswiri a ku mayunivesite a Chicago ndi Northwestern linalemba kuti kuwaza m'mwamba timizere tating'onoting'ono ta chitsulo ndi aluminiyamu, topangidwa ndi fumbi la komweko, kungakweze kutentha ndi madigiri oposa 30. Tingoyerekeza kuti zatheka. Kutentha si mpweya wopuma. Christopher McKay wa ku NASA, amene wakhala akuganizira nkhaniyi mwachifatse kwa zaka zambiri ndipo amaikonda, anawerengetsera kuti kutenthetsa Mars kungatenge zaka ngati 100, koma kuti zomera zidzaze okosijeni wokwanira munthu kupuma pangafunike zaka ngati 100,000. Dziko lathu lomweli silinachite changu. Tizamoyo tobiriwira ta m'nyanja tinagwira ntchito imeneyi kwa nthawi yosasimbika, okosijeni n'kuyamba kuchuluka m'mlengalenga zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo, ndipo panapitanso zaka zina pafupifupi 2 biliyoni nyama zisanaoneke. Zosandutsa Venus, pulaneti ina yoyandikana nafe, ndiye tisatayepo nthawi. Wasayansi Carl Sagan mu 1961 anaganizapo zowaza ndere m'mitambo yake, koma zitadziwika kuti pansi pake pamatentha madigiri oposa 460 ndipo mpweya umapanikiza kuwirikiza 90 kuposa kuno, iye yemwe anasiya.

Pali phunziro limodzi limene linachitikira pansi pompano, ndipo ndi limene limandikhutiritsa kuposa masamu onsewa. M'chipululu cha Arizona anamanga chinyumba chagalasi chachikulu kuposa hekitala imodzi, chotchedwa Biosphere 2, ndi ndalama za mpondamatiki wina wa ku Texas, Ed Bass. Mkatimo anaikamo kankhalango, kanyanja, dambo, kachipululu ndi munda. Pa 26 September 1991 amuna anayi ndi akazi anayi analowa, chitseko n'kumatidwa, cholinga chili choti akhale zaka ziwiri akupuma mpweya wa zomera zawo ndi kudya za m'munda mwawo. Anali ndi dzuwa la Arizona, dothi lachonde, madzi, magetsi ochokera kunja, ndiponso akatswiri ataima kuseri kwa galasi.

Patatha miyezi 16 okosijeni anali atatsika kuchoka pa 21 peresenti kufika pa 14. Anthu aja ankachita befu pokwera masitepe, ena ankadzidzimuka usiku mpweya utabanika. Chodabwitsa chinali chakuti palibe ankadziwa kumene okosijeniyo akupita. Mabakiteriya a m'dothi, lomwe analithira manyowa mopitirira muyezo, ankamudya n'kumatulutsa carbon dioxide, ndiye zikanayenera kuoneka pa makina oyezera kuti carbon dioxide wachuluka. Koma sanachuluke mmene zinayenera kukhalira. Pambuyo pake zinadziwika kuti konkire ya nyumbayo ndi imene inkamumwa mwakachetechete. Simenti! Chinthu chimene palibe anachiwerengera monga mbali ya chilengedwe cha mkatimo. Mu January 1993 anachita kupopera okosijeni wochokera kunja. Njuchi ndi tizilombo tina tonyamula mungu tinafa, nyerere ndi mphemvu n'kutenga ufumu. Njala inawakhaulitsa, anadya mbatata mpaka khungu kusanduka lachikasu, ndipo anagawikana magulu awiri oti ngakhale moni ankapatsana movutikira. Anthu asanu ndi atatu okha, m'nyumba yoti chitseko chili pomwepo. Amene akuti adzaweta anthu miliyoni ku Mars ayambe watifotokozera za konkire ija.

Tsono tibwere ku ntchito inayo, yofufuza zamoyo. Imeneyi ikuchitika kale, ndipo mbiri yake ndi ya anthu ofuula kuti "tapeza!" kenako n'kubweza mawu.

Chiyambi chake chenicheni ndi 1976, pamene zombo ziwiri za Viking zinatera ku Mars, china pa 20 July china pa 3 September. Chilichonse chinali ndi mkono wotapira dothi ndi kalabotale kakang'ono. Kuyesa kumodzi, kumene anakonza Gilbert Levin ndi mnzake Patricia Straat, kunali kwanzeru koma kosavuta. Ankadonthezera pa dothilo msuzi wa chakudya chimene mabakiteriya amakonda, koma m'chakudyacho anaikamo kaboni wokhala ndi chizindikiro choti makina angathe kumulondola. Ngati m'dothi muli kanthu kamoyo, kadya msuziwo n'kupuma mpweya wokhala ndi chizindikirocho. Atadontheza, mpweya uja unatulukadi, wambiri ndithu. Anatenga dothi lina n'kuliwotcha kaye pa madigiri 160 kuti chamoyo chilichonse chife, n'kudonthezanso. Sipanatuluke kanthu. Mwa malamulo amene anagwirizana asananyamuke, chimenecho chinali chizindikiro cha moyo.

Koma makina ena a m'chombo chomwecho, amene ntchito yake inali kuwotcha dothi n'kununkhiza zotsalira za zamoyo, sanapeze kalikonse kupatula timankhwala tiwiri ta klorini, timene akatswiri anati ndi zotsalira za mankhwala otsukira makinawo kuno. Ndiye anagamula kuti kulibe moyo, dothilo langokhala ndi mankhwala olusa amene anaphwanya msuziwo. Nkhani inagona choncho zaka 32. Mu 2008 chombo cha Phoenix chinapeza perchlorate uja, ndipo zinadziwika kuti mchere umenewu ukatenthedwa pamodzi ndi zotsalira za zamoyo umaziwotcheratu n'kusiya timankhwala ta klorini tofanana ndi tija. Mwina Viking inapsereza umboni ndi manja ake omwe. Izi sizikutanthauza kuti Levin ankanena zoona, ndipo asayansi ambiri mpaka lero sakhulupirira kuti anapeza moyo. Iye anamwalira mu 2021 akuumirirabe kuti anaupeza. Chimene ndikufuna muone n'chakuti mkangano wonsewo unazungulira pa funso limodzi: kodi chimene taonachi n'cha ku Mars, kapena tabwera nacho tokha?

Funso lomweli limabwereranso paliponse. Mu 1996 akatswiri a NASA analengeza kuti mwala wina wochokera ku Mars, ALH84001, umene unatoledwa ku Antarctica mu 1984, uli ndi tinthu tooneka ngati mitembo ya mabakiteriya. Pulezidenti Bill Clinton mpaka analankhulapo. Kenako ena anaonetsa kuti tinthu totero tingapangike popanda moyo, ndiponso kuti mwalawo unali utayamwa zina za kuno pa zaka zikwizikwi zimene unagona mu ayezi. Mu 2020 kunamveka za mpweya wa phosphine m'mitambo ya Venus, umene ena anati ungakhale chizindikiro cha moyo, mkangano wake sunathebe. Mu April 2025 gulu la ku Cambridge lotsogozedwa ndi Nikku Madhusudhan linati telesikopu ya James Webb yanunkhiza, pa pulaneti ya K2-18b yozungulira nyenyezi ina, mpweya umene kuno umapangidwa kwambiri ndi tizamoyo ta m'nyanja. Pasanathe miyezi ingapo magulu ena anaunikanso manambala omwewo n'kunena kuti chizindikirocho n'chofooka kwambiri.

Otchera khutu ku mafunde a wailesi, kuti mwina angamve uthenga wa zamoyo zanzeru za kwina, nawo ali ndi zawo. Frank Drake anayamba mu 1960 ku Green Bank ku America, akumvetsera nyenyezi ziwiri zapafupi. Pa 15 August 1977 telesikopu ya Big Ear ku Ohio inagwira chizindikiro champhamvu kwa masekondi 72, ndipo sichinamvekenso. Yoseketsa ndi ya ku Parkes ku Australia, kumene akatswiri anazunguzika kwa zaka ndi timafunde tachilendo, mpaka mu 2015 anatulukira kuti timachokera mu uvuni wa microwave wa pamalo pomwepo, ogwira ntchito akatsegula chitseko chakudya chisanathe kutentha. N'chifukwa chake timafunde tambiri tinkabwera nthawi ya nkhomaliro. Ntchito yomvetserayi tsopano ili pafupi nafe, pa madishi 64 a MeerKAT m'chipululu cha Karoo ku South Africa, ndipo Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko a mu Africa ogwirizana nawo pa chitelesikopu chachikulu cha SKA. Koma ine chiyembekezo changa sichili pa anthu obiriwira oimba foni. Mapulaneti ozungulira nyenyezi zina, amene oyamba ake ozungulira nyenyezi yonga dzuwa anapezeka mu 1995 ndipo pano apitirira 6,000, ali kutali moti tingangowanunkhiza ndi magalasi. Malo okhawo amene tingakatape dothi n'kuliika pa maikulosikopu ndi a pakhomo pompano.

Mwina mukuti, dziko louma ndi lozizira chotero, chamoyo chingakhale pati? Yankho lina linachokera kumalo amene agogo athu ambiri ankawadziwa bwino kuposa asayansi, m'migodi ya golide ya ku Joni, kumene ankapita pa Wenela ndi pa Teba. Mu mgodi wa Mponeng, pafupi ndi Carletonville, akatswiri anatunga madzi otuluka m'ming'alu ya thanthwe pa makilomita 2.8 pansi pa nthaka, madzi otentha madigiri 60 amene sanaonepo dzuwa. Mu 2008 analengeza kuti m'madzimo mumakhala mtundu umodzi wokha wa bakiteriya, Desulforudis audaxviator, wodzidalira pa zonse. Safuna dzuwa, safuna okosijeni, sadya za mnzake. Miyala ya uranium ikamawola imatulutsa cheza chimene chimaswa madzi n'kupanga hydrogen ndi mankhwala ena a sulfure, ndipo chakudya chake n'chimenecho. Mu 2011 mu mgodi wa Beatrix anapezanso kanyongolotsi kamoyo kupitirira kilomita imodzi pansi. Ku Mars kuli miyala, kuli uranium, kuli madzi oundana pansi pa dothi, ndipo mkati mwake n'kofundirapo. Ngati moyo unayambako nthawi imene kunali nyanja, ndiye kuti pamwamba patayamba kuuma unali ndi kothawira. Palibe amene anakumbako kufika ngakhale mita imodzi. Chigalimoto cha ku Ulaya cha Rosalind Franklin chili ndi choboolera chofika mamita awiri, koma ulendo wake unaimitsidwa mu 2022 Russia, imene inkathandiza nawo pa ulendowo, italowa ku Ukraine, ndipo tsopano akukamba za 2028.

Wina angafunse kuti kabakiteriya kamodzi kali ndi phindu lanji. Zamoyo zonse zimene tikuzidziwa, kuyambira bowa, nsomba, mlambe mpaka ifeyo, ndi banja limodzi. Tonse timalemba malangizo a thupi ndi DNA, ndi zilembo zofanana, chifukwa tinachokera pa tsinde limodzi. Ndiye kuti chitsanzo cha moyo chimene tili nacho n'chimodzi chokha, ndipo ndi chitsanzo chimodzi sungadziwe ngati chinthu n'chosowa kapena n'chofala. Titapeza ku Mars kanthu kamoyo komangidwa mwa njira ina, kosakhala m'bale wathu, ndiye kuti moyo unayamba kawiri pa mayiko awiri oyandikana, ndipo zikatero mlengalenga monse muyenera kuti ndi modzaza. Titapeza kuti ndi m'bale wathu, imeneyonso ndi nkhani yaikulu, chifukwa miyala imadumpha pakati pa mayiko awiriwa chimwala chachikulu chikagunda, ndipo yochokera ku Mars yatoledwa kale yambiri kuno. Mwina kholo lathu linakwera mwala. Koma kuti tisiyanitse m'bale wakale ndi mlendo amene tabwera naye dzulo pa nsapato, pamafunika kuti malowo akhale osakhudzidwa.

Asayansi zimenezi amazidziwa, ndipo amavutika nazo kwambiri. Pangano la mayiko la 1967 lokhudza za m'mlengalenga limaletsa kuipitsa mayiko ena ndi zochokera kuno. Zombo za Viking anaziphika zathunthu mu uvuni pa madigiri oposa 110 kwa nthawi yopitirira tsiku. Chombo cha Galileo anachigwetsera dala mu Jupiter mu 2003, cha Cassini mu Saturn mu 2017, kuopa kuti mafuta akatha zingakagwere pa miyezi ya Europa ndi Enceladus, imene ili ndi nyanja zamadzi pansi pa ayezi. Enceladus ndiye amachita kulavula madzi akewo m'mwamba, ndipo Cassini itadutsamo inapezamo mchere, hydrogen ndi phosphorus. Makina opita ku Mars amamangidwa m'zipinda zotsukidwa usana ndi usiku, anthu atavala zophimba thupi lonse. Ngakhale zili choncho, mu 2013 kunalengezedwa za bakiteriya watsopano, Tersicoccus phoenicis, amene anapezeka m'zipinda ziwiri zoterezi, china ku Florida china ku Kourou ku French Guiana. Kutsuka konse kuja kunangosankha olimba okhaokha.

Makina ungawaphike. Munthu sungamuphike. Thupi la munthu mmodzi limanyamula mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ndipo palibe chovala kapena nyumba imene siidontha mpweya. Oyenda pa mwezi a Apollo anasiyako matumba 96 a zinyalala, ena a chimbudzi. Pa mwezi zilibe kanthu kwenikweni, n'kouma kotheratu. Koma anthu opita ku Mars adzafuna madzi akumwa ndi opangira mafuta obwerera, ndiye adzatera pamene pali ayezi n'kuyamba kukumba ndi kusungunula. Malo amene munthu angawafune ndi omwewo amene chamoyo cha kumeneko chingabisaleko, komanso ndi omwewo amene mabakiteriya athu angapulumukireko. Chombo chonyamula anthu chikaphwanyika potera, monga zachitikira zombo zingapo zopanda anthu, ndiye basi.

Kwathu munthu akaona tchire lagonera satenga nkhwangwa n'kuyamba kuswa mphanje. Amayamba wafunsa kwa amfumu, chifukwa tsala looneka lopanda ntchito limatha kukhala manda akale, kapena munda wa munthu amene ali kutali koma abwera. Safunsa anadya phula. Chondisangalatsa n'chakuti mmodzi mwa anthu amene anaganizira mbali imeneyi kalekale anali wa konkuno. Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa ku Zambia amene anamenyera nawo ufulu wa dzikolo, analengeza mu 1964 kuti atumiza anthu ku mwezi ndi ku Mars. Ankaphunzitsa achinyamata ake powagubuduza m'migolo pa chitunda, ndipo anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni amene sanabwere. Atolankhani akunja anamuseka, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati ankanena zenizeni kapena ankanyogodola azungu mochenjera. Koma polemba za ulendo wa ku Mars ananena kuti mmishonale amene apite nawo wamuchenjeza kuti asakakakamize eni dzikolo Chikhristu ngati sakuchifuna. Munthu amene anakulira pansi pa atsamunda sakanaiwala kuti malo otchedwa opanda mwini kawirikawiri amakhala ndi mwini.

Sindikunena kuti mabakiteriya ali ndi ufulu ngati wa anthu. Tsiku lililonse timawapha mamiliyoni ndi sopo, ndipo sindigona nazo tulo toipa. Mfundo yanga ndi yodzikonda ndithu: ndikufuna kudziwa, ndipo ndikufuna kuti ana athu adzathe kudziwa. A mbali inayo ali ndi zifukwa zawo zomveka. Amati moyo uli pa dziko limodzi lokha ndipo chimwala chonga chija chinapha madinosa zaka 66 miliyoni zapitazo chingabwerenso, ndiye ndi bwino kukhala ndi kothawira. Koma ngakhale tsiku lotsatira chimwala chimenecho, dziko lino linali ndi mpweya, madzi ndi dothi zimene Mars sangazilote. Amatinso munthu mmodzi wodziwa miyala angachite pa mlungu umodzi zimene chigalimoto chimachita pa chaka. Zimenezo n'zoona. Ndiye akhale m'chombo chozungulira Mars n'kumayendetsa makina otsukidwa bwino ali m'mwamba, popanda kudikira uthenga umene kuchokera kuno umatenga mphindi 4 mpaka 22 kuti ufike. Ofuna kuphunzira kumanga mudzi kunja kwa dziko lino, mwezi ulipo, ulendo wa masiku atatu, ndipo kulibe choononga.

Za ndalama sinditalikitsa, ngakhale ndikudziwa kuti ndi funso loyamba kwa wowerenga aliyense amene wagula thumba la chimanga chaka chino. Si lachilendo. Mu 1970 sisitere wina wogwira ntchito ku Zambia, Mary Jucunda, analembera Ernst Stuhlinger wa ku NASA kumufunsa chifukwa chothera mabiliyoni pa ulendo wa ku Mars ana akufa ndi njala, ndipo iye anamuyankha ndi kalata yaitali yaulemu. Ine ndimangoona kuti ndalama zofufuzira ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mayiko omwewo amathera pa zida zankhondo, ndiponso kuti makina ndi otchipa kutalitali kuposa kutumiza anthu.

Chimene chikundipweteka n'chakuti umboni wabwino kwambiri umene tili nawo watapidwa kale, ukungosowa wokautenga. Perseverance inatera m'chigwa cha Jezero, chimene kale chinali nyanja yokhala ndi matsiriro a mtsinje. Mu July 2024 inapeza mwala umene anautcha Cheyava Falls, wa matope akale ouma, wokhala ndi timadontho tonga mawanga a kambuku. M'mphepete mwa timadonthoto muli chitsulo ndi phosphate, mkati mwake chitsulo ndi sulfure, zinthu zimene kuno kawirikawiri zimasiyidwa ndi mabakiteriya akamadya m'matope. Mu September 2025 zotsatirazi zinasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Nature, ndipo olembawo anasamala mawu. Anati chikhoza kukhala chizindikiro cha moyo wakale, koma makina a pa chigalimotocho sangathe kutsimikiza. Pafunika malabotale a kuno.

Kachidutswa ka mwalawo kali mu chubu chomatidwa m'mimba mwa Perseverance, pamodzi ndi machubu ena, ndipo ena 10 anasiyidwa pansi pamalo otchedwa Three Forks kuti akhale osungira. Ndondomeko yokawatenga inafufuma mtengo mpaka kafukufuku wa mu 2023 anati ingadye madola pakati pa 8 ndi 11 biliyoni, ndipo mu 2024 NASA inanena kuti ndalamazo zachuluka komanso 2040 ndi kutali, ifunefune njira ina. Musk mu 2016 ankati anthu oyamba anyamuka mu 2024. Chaka chimenecho chinadutsa, ndipo kuchedwa kwakeko ine sikundidandaulitsa ngakhale pang'ono. China ikukonza ulendo wake wa Tianwen-3, wonyamuka cha mu 2028 n'kubwera ndi dothi cha mu 2031. Zawo zikayenda, dothi loyamba lochita kukatengedwa ku Mars lidzatsegulidwa m'labotale ya ku China, machubu a Perseverance akudikirabe mayendedwe ku Jezero.